Madzi Oletsa Nyumba Kuvina: Zinthu 14 Zodabwitsa, Kuchokera ku Kuti Mpaka ku Philadelphia

Kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, mwera ukayamba kuwomba, ku Kuti kulibe choima chilili. Udzu umagona, migwalangwa imapokosera usiku wonse, ndipo kunyanja ku Senga Bay asodzi amakokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi kusoka maukonde. M'nkhalango yosungira nyamayi mulibe nyumba yoti mphepo n'kuigwedeza. Zazitali kumeneko ndi mitengo ndi makosi a akadyamsonga basi. Komabe nzeru imene mainjiniya a ku Japan, America ndi Australia akugwiritsa ntchito podekhetsa nyumba zawo zazitali pa mphepo, yomwe ndi kuika thanki ya madzi pamwamba penipeni, zidutswa zake zonse zili konkuno ku Salima. Kungoti sitinaziphatikize.

1. Nyumba yaitali imamangidwa dala kuti izigwedezeka.

Nsonga ya Burj Khalifa ya ku Dubai, yotalika mamita 828, imasuntha kupitirira mita imodzi pa mphepo yamphamvu, ndipo omanga ake sanalakwitse kalikonse. Chitsulo ndi konkire zimapindika pang'ono n'kubwerera m'malo. Kuti nyumba yotalika choncho isamasunthe n'komwe, zipilala zake zikanayenera kunenepa mpaka kudya malo onse okhala anthu.

Nyumba iliyonse ili ndi nthawi yakeyake yopita mbali imodzi ndi kubwerera. Akatswiri ali ndi kasamu kongoyerekezera: gawani kutalika kwa nyumbayo m'mamita ndi 46, yankho lake ndi masekondi. Findeco House ya ku Lusaka, ya mamita 90, ingatenge masekondi pafupifupi awiri. Carlton Centre ya ku Johannesburg, ya mamita 223, yomwe abale athu ambiri opita ku Joni amadutsa m'tsinde mwake, ingatenge pafupifupi asanu. Nambala imeneyi muisunge, nkhani yonse yagona pamenepo.

2. Mantha si akuti nyumba igwa. Vuto ndi mimba za anthu.

Nyumba ikhoza kupirira mphepo yoposa imene okhalamo angapirire. Mkati mwa khutu la munthu muli kachiwalo kozindikira kusuntha, ndipo n'kakuthwa modabwitsa: ambiri amayamba kumva kuti pansi pakuyenda pomwe mphamvu ya kugwedezekako yangofika theka la gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu imene dziko limatikokera nayo pansi. Ikafika gawo limodzi ndi theka, okhala m'nsanjika zapamwamba amadandaula chizungulire, mutu ndi nseru, matenda omwewo amene amagwira wokwera sitima ya Ilala koyamba nyanja itawinduka. Zitseko zimadzitsegukira, magetsi olendewera amayenda, madzi a m'bafa amachita mafunde. Tsono nsanjika zapamwambazo ndiye zodula kuposa zonse. Wolipira mamiliyoni sangalole kumasanza m'chipinda chake chogona, ndipo ndalama zake ndi zimene zinakulitsa luso lonseli.

3. Mphepo imagwedeza nyumba cham'mbali, osati kumene ikulowera.

Munthu angaganize kuti mphepo yochokera kummwera igwedeza nyumba kulowera kumpoto ndi kubwerera. Pa nyumba zazitali ndi zowonda, kugwedezeka kwakukulu kumakhala kopingasa. Mphepo ikagunda chinthu choimirira imagawikana, ndipo kuseri kwake kumabadwa akamvuluvulu ang'onoang'ono mosinthanasinthana, wina kumanja, wina kumanzere. Aliyense pochoka amakokera chinthucho mbali yake.

Kamvuluvulu mmodzi alibe mphamvu. Choopsa ndi pamene kubadwa kwawo kwagwirizana ndi nthawi ija ya nyumbayo. Zili ngati mwana pa katungwe: womukankha safunika mphamvu zambiri, amangofunika kukankha pa nthawi yake, ndipo posakhalitsa mwanayo ali m'mwamba. Amene akufuna kuimitsa katungweyo naye safunika kumugwira mwanayo, angomukankha pa nthawi yolakwika.

Mluzu umene mawaya amaimba mwera ukamawomba ndi akamvuluvulu omwewa. Vincenc Strouhal, katswiri wa ku Czech, ndiye anayeza zimenezi mu 1878. Waya wonenepa masentimita awiri ndi theka, pa kamphepo ka mamita asanu pa sekondi, amanjenjemera pafupifupi ka 40 pa sekondi imodzi, ndipo pakapita zaka amathetheka pamene wamangiriridwa. Tsiku lina mudzakweze maso pa mawaya akuluakulu a magetsi. Pafupi ndi nsanja mudzaona tizitsulo tiwiritiwiri tolendewera pa kachingwe kakafupi. Si zokongoletsa. George Stockbridge anatipanga ku California m'zaka za m'ma 1920 kuti tizinjenjemera m'malo mwa waya.

4. Pamwamba pa nyumba ina ku Philadelphia pali madzi okwana ndowa zoposa 55,000.

Comcast Center, ya nsanjika 58 ndi mamita 297, inamalizidwa mu 2008. Pamwamba pake pali thanki ya konkire yosunga malita opitirira 1.1 miliyoni. One Rincon Hill ya ku San Francisco ili ndi malita pafupifupi 190,000. Eureka Tower ya ku Melbourne ili ndi mathanki awiri, iliyonse ya malita 300,000.

Nzeru zathu zimakana: chinthu chogwedezeka n'kuchisenzetsanso katundu kumutu? Koma madziwo sanamangiriridwe ku nyumbayo. Nyumba ikapita kumanja, thanki imapita nayo, madzi amatsalira. Akamati anyamuke kulondola, nyumba yayamba kale kubwerera, ndiye amakumana nayo n'kuikankha mobweza. Madziwo ndiye wokankha katungwe pa nthawi yolakwika uja. Kulemera kwake kumangokhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a kulemera kwa nyumbayo, koma amatha kuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a kugwedezeka, pena theka. Alibe injini, safuna magetsi, ndipo mphepo ikakula nawonso amalimbikira.

5. Masamba amene amayi amaika mu ndowa akugwira ntchito yofanana ndi masefa a m'mathanki amenewa.

Aliyense wokulira kumudzi anaziona. Mayi akatunga madzi pachitsime kapena pa mjigo amathyola kanthambi ka masamba n'kuponya mu ndowa, kenako n'kusenza. Akafika kunyumba nsalu ili youma. Mwana wongoyamba kumene, woiwala masamba, amafika atanyowa msana wonse, ndowa ili theka.

Masamu ake ndi okoma. Mu ndowa ya pakamwa pa masentimita 30, madzi amapita ndi kubwerera kamodzi pa nthawi yopitirira pang'ono theka la sekondi. Munthu woyenda bwinobwino amaponda pafupifupi kawiri pa sekondi. Ziwirizi zimangogwirizana, ndiye phazi lililonse limawonjezera funde mpaka madzi akhavukire kunja. Ndowa sikuti imatayitsa madzi chifukwa wosenzayo ndi wosasamala, koma chifukwa kukula kwake kunagwera ndendende pa mayendedwe a munthu. Masamba aja amaswa fundelo, mphamvu yake n'kuthera m'kukhulana kwa madzi ndi masamba. Nkhata ndi khosi lozolowera zimamaliza zotsalazo.

M'thanki ya pamwamba pa nyumba vuto ndi lomweli, kungosiyana mlingo. Madzi oyera m'thanki yosalala mkati salanda mphamvu yokwanira. Amatenga mphamvu kwa nyumba kenako n'kuibweza, ndipo mafunde akakula amasweka mosalongosoka. Choncho mainjiniya amaimika masefa achitsulo, timizati kapena zopalasira m'kati mwa madzi, kuti madzi podutsa azivutika. Luso lagona pa kuchuluka kwake. Zikachepa, madzi amachita zofuna zawo. Zikachuluka, madzi amangoyenda limodzi ndi thanki ngati mwala, osathandiza kanthu. Mayi akufuna kuti madzi asiyiretu kuyenda, injiniya akufuna kuti aziyenda koma momvera.

Mu 2015 gulu la akatswiri, ena mwa iwo a pa yunivesite ya Princeton, linasonyeza kuti thovu nalo limachita zomwezi: mizere isanu yokha ya thovu pamwamba pa madzi imachepetsa funde kakhumi. N'chifukwa chake mowa wathovu sutayika msanga poyenda nawo ngati tiyi.

6. Chimene chimalamula liwiro la madzi m'thanki ndi kuya kwake.

Thanki yotalika mamita 10 yokhala ndi madzi akuya mamita awiri, funde lake limapita ndi kubwerera pa masekondi pafupifupi 4.8, nthawi yoyenera nyumba yonga Carlton Centre. Mukachepetsa madzi kufika mita imodzi, funde limachedwa, limatenga masekondi 6.5. Thanki ndi yomweyo, koma tsopano ndi ya nyumba ina. Apa ndi pamene madzi amaposera chodekhetsa chachitsulo: kusintha nthawi yake kumangofuna paipi ndi munthu wodziwa kuwerenga ndodo yoyezera.

7. Nyanja ya Malawi nayo ndi thanki yotereyi, yaikulu kwambiri.

Mwera ukawomba masiku angapo motsatizana, umakankhira madzi a pamwamba kumpoto, cha ku Karonga. Ukaleka, madziwo amabwerera, n'kupitirira, n'kubwereranso, nyanja yonse ikupendama pang'onopang'ono moti maso sangaone. François-Alphonse Forel anatha zaka zambiri m'ma 1800 akuyeza zimenezi pa nyanja ya Geneva, komwe kupita ndi kubwerera kumatenga mphindi 73. Masamu amene iye ankagwiritsa ntchito ndi omwe aja a thanki ya mamita 10. Tikawaika pa nyanja yathu, yotalika makilomita pafupifupi 580 ndi kuya kwapakatikati kwa mamita 292, amapereka maola pafupifupi asanu ndi limodzi.

Chachikulu chimachitika pansi. Madzi a m'nyanjayi anasanjikizana: ofunda pamwamba, ozizira pansi, ndipo kupitirira mamita pafupifupi 250 mulibe mpweya woti nsomba n'kupuma, mpaka pansi penipeni pa mamita opitirira 700. Mwera ukaunjika madzi ofunda kumpoto, malire a ofunda ndi ozizira amapendekeka, ozizira aja n'kukwera chakummwera. Kupendekeka kumeneku ndi kwa mamita makumimakumi, ndipo kubwerera kwake kumatenga masabata. Madzi okwerawo amabwera ndi chonde cha pansi pa nyanja, tizomera ta m'madzi timachuluka, nsomba n'kupeza chakudya. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chigawo cha kummwera kwa nyanja, cha ku Mangochi, chili ndi nsomba zambiri. Mwera womwe umatsekera asodzi kumtunda ukuwakonzera ndiwo za miyezi yotsatira.

8. Nzeruyi inayambira pa sitima za pamadzi, zaka 100 nyumba zisanaitengere.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, Philip Watts anaika chipinda cha madzi chopingasa m'sitima yankhondo ya Britain yotchedwa HMS Inflexible, kuti isamagubuduke kwambiri pa mafunde. Cha m'ma 1910, Hermann Frahm wa ku Hamburg anakonza bwino nzeruyi: mathanki awiri, ina kudzanja lamanja la sitima ina kumanzere, yolumikizidwa ndi ngalande pansi ndi paipi ya mpweya pamwamba. Pa paipi ya mpweyayo anaikapo chotsekera. Mukachitseka pang'ono, mpweya umavutika kudutsa, madzi amayenda mochedwa. Choncho thanki yotheka kusintha si ya dzulo.

Sitima zoswa madzi oundana kumpoto kwa dziko zimatembenuza nzeru yomweyi. Zikakanirira, zimapopa madzi kuchoka mbali ina kupita ina mwadala, kuti sitima igwedezeke mpaka imasuke.

9. Madzi omwewa, akakhala opanda malire, amamiza.

Msodzi aliyense wa ku Senga Bay amadziwa chifukwa chake m'bwato mumakhala kachigubu kodula pakamwa, ndi chifukwa chake wina amangokhalira kukapa madzi ngakhale ali ochepa. Kulemera kwake si nkhani. Bwato likapendama pang'ono, madzi onse amathamangira mbali yopendamayo n'kulikanikizira komweko. Madzi a m'thanki ya Frahm amafika mochedwa, sitima itayamba kale kudzuka, ndiye amathandiza. Madzi omasuka m'bwato amafika nthawi yomweyo.

Pa 6 Malichi 1987 sitima ya Herald of Free Enterprise inanyamuka pa doko la Zeebrugge ku Belgium zitseko zakutsogolo zili zosatseka. Madzi analowa m'chipinda chachikulu choikamo magalimoto, chopanda makoma ogawa, ndipo mphindi ziwiri zisanathe sitimayo inali itagona cham'mbali. Anthu 193 anafa. Kwathu kuno bala lathu ndi la sitima ya Vipya, yomwe inagadabuzika pa mphepo yamkuntho pa 30 Julaye 1946 chakumpoto kwa nyanja, pafupi ndi Florence Bay, n'kupita ndi anthu 145. Ilala, yomwe inayamba kuyenda mu 1951, inabwera anthu akali ndi chisoni chimenecho.

Pamsewu n'chimodzimodzi. Madalaivala a mathanki a mafuta otsika ndi kukwera msewu wa Salima amaopa thanki yatheka kuposa yodzaza, ndipo mathankiwo amagawidwa zipindazipinda mkati kuti mafuta asathamangire kumodzi pokhota kapena pomanga mabuleki. Ngakhale opita kumwamba sanapulumuke: mu Malichi 2007 roketi ya Falcon 1 ya kampani ya SpaceX inalephera kufika kumene inkapita chifukwa okosijeni wamadzi anayamba kugavira m'thanki mpaka roketi kusokonekera. Mankhwala ake anali kuika zotchinga m'thankimo.

10. Nyumba imasintha nthawi yake, ndiye thanki yosasinthika imatsalira.

Apa ndi pomwe kafukufuku wa masiku ano walunjika. Nambala ya masekondi imene mainjiniya amapeza pa kompyuta nyumba isanamangidwe sikhala yolondola kwenikweni. Makoma ogawa zipinda, magalasi ndi dothi la pansi pa maziko zonse zimaisuntha. N'chifukwa chake thanki imamangidwa mosiyirako mpata, ndipo nyumba ikatha amaika zida zoyezera pamwamba, n'kudikira mphepo, kenako n'kuthira madzi kufika pa mzere woyenera.

Koma nyumbayo siima pamenepo. Konkire imachita timing'alu tosaoneka ndi maso, nyumba n'kufewerapo. Anthu amalowa ndi katundu wawo. Pa mphepo yaikulu nyumba imagwedezeka mochedwerapo kusiyana ndi pa yaing'ono. Madzi nawo amauma pang'onopang'ono. Thanki ikasemphana ndi nyumba ngakhale ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, phindu lake lalikulu limatayika.

Njira zothetsera zilipo zingapo. Mu 1989 mainjiniya a ku Japan anabweretsa thanki yooneka ngati chilembo cha U, mdzukulu wa ya Frahm. M'menemo nthawi imadalira kutalika kwa mzere wonse wa madzi: mzere wa mamita 12 ndi theka umapereka masekondi asanu. Pansi pake pamakhala chipata chochepetsa njira. Ahsan Kareem ndi anzake pa yunivesite ya Notre Dame ku America anayesa chipata choti kompyuta izichikulitsa ndi kuchichepetsa malinga ndi ukali wa mphepo. Ku Vienna, Franz Ziegler ndi Markus Hochrainer anatseka nsonga ziwiri za U uja n'kutsekeramo mpweya. Mukawonjezera mpweya, madzi amabwerera msanga, moti nthawi ya thanki imasinthidwa popanda kuthira kapena kuchotsa dontho. Ena amasuntha makoma a mkati mwa thanki, ena amatembenuza masefa.

Kwa ine, ubwino wa njira zimenezi si kuchenjera kwake koma mmene zimalepherera. Magetsi akazima, ndipo amakonda kuzima pomwe mphepo yakula, chipata chimangoima pamene chinali, madzi n'kupitiriza ntchito ngati thanki wamba. Makina odekhetsa nyumba pokankha chitsulo ndi injini, magetsi akapita nawonso apita. Ife a kuno, amene tinazolowera kuthimathima, sitifunika kutifotokozera kawiri.

11. Chitsulo chimatenga malo ochepa, madzi amagwira ntchito ziwiri.

Chodekhetsa nyumba chotchuka kwambiri pa dziko si cha madzi. Ndi mpira wachitsulo wa matani 660, wa mamita 5.5 m'mimba mwake, wolendewera pa zingwe m'nsanjika zapamwamba za Taipei 101 ku Taiwan, nyumba ya mamita 508 yomwe inatsegulidwa mu 2004. Alendo amalipira kuti akauone. Pa 8 Ogasiti 2015, namondwe wotchedwa Soudelor atafika, mpirawo unasuntha mita yathunthu.

Madzi olemera chimodzimodzi akanafuna malo oposa kasanu ndi kawiri, ndipo malo a pamwamba ndi ndalama. Amathanso kudontha, kumera ndere, ndi kuundana m'mayiko ozizira. Koma ndi otchipa, alibe zitsulo zoti zizidyana, ndipo nyumba yaitali imafunika kale madzi ozimitsira moto pamwamba. One Wall Centre ya ku Vancouver, yomalizidwa mu 2001, ili ndi mathanki awiri a mtundu wa U, iliyonse ya malita opitirira 200,000, ndipo madzi omwewo ndi odikirira tsiku la moto.

12. Zoyamba kuyesedwa zinali timabeseni.

Mu 1987, pa nsanja yoongolera ndege ya pa bwalo la Nagasaki ku Japan, yotalika mamita 42, akatswiri anaika tizidebe tozungulira tosanjikizana, tosakula kwenikweni kuposa beseni lotsukira mbale. Madzi onse pamodzi sanakwane tani imodzi, koma kugwedezeka kwa nsanjayo kunatsika moonekeratu pa zida zoyezera. Hotela ya Shin Yokohama Prince, ya mamita 149, inatsatira mu 1992 ndi madzi okwana matani pafupifupi 100, ogawidwanso m'zidebe zambiri zosaya. Zidebe zambiri zili ndi ubwino wina: mukhoza kuthira madzi osiyana pang'ono m'chilichonse, kuti nyumba ikasintha nthawi yake pakhalebe zina zogwirizana nayo.

13. Mitengo ya ku Kuti inayamba kalekale.

Mukaima pansi pa mtengo wa nsangu mwera ukuwomba, yang'anani nthambi. Siziyendera limodzi. Ina ikupita kumanja, inzake ikubwerera, yaing'ono ikuthamanga, yaikulu ikuchedwa. Ken James ndi anzake a pa yunivesite ya Melbourne anayeza mitengo pa mphepo n'kulemba mu 2006 kuti kusagwirizana kumeneku ndi kumene kumateteza thunthu: nthambi iliyonse imalanda gawo la mphamvu ya mphepo n'kuliwononga payokha, thunthu osapeza mpata woyamba kuyenda mokulira. Ndi nzeru ya zidebe zambiri ija, yopangidwa ndi nkhuni.

Mgwalangwa ulibe mwayi umenewu. Uli ndi mutu umodzi pa thunthu lalitali, choncho umagwedezeka wonse pamodzi ndipo umadalira kufewa kwa thunthu ndi makwawu ake opindika. Mlambe ulibe nazo ntchito, kunenepa kwake n'kokwanira. Phunziro lake kwa osadza mitengo pakhomo ndi loti mtengo wosadzulidwa nthambi zonse zam'munsi ndi zam'kati, n'kusiyidwa ndi kachipewa pamwamba, wachotseredwa zomwe zinkaudekhetsa.

14. Pa chivomerezi thanki imachedwa, ndipo pa madenga athu ilibe chochita.

Mphepo imakankha kwa maola, madzi amakhala ndi nthawi yolowa m'mayendedwe. Chivomerezi chimamenya mwadzidzidzi, ndipo kugunda koopsa kumatha kudutsa madzi asanayambe n'komwe. Kwa ife izi n'zofunika chifukwa Salima ili m'chigwa chong'ambika momwe mwagona nyanjayi. Chivomerezi cha pa 10 Malichi 1989 chinapha anthu 9 m'dera lino ndi kusiya ena pafupifupi 50,000 opanda pokhala, ndipo mu Disembala 2009 Karonga inagwedezeka masabata angapo. Mathanki a pamwamba pa nsanja, amene tsopano ali pa sukulu, chipatala ndi malo ogona alendo alionse okhala ndi pampu ya sola, sanaikidwe kuti adekhetse kanthu. Chivomerezi cha ku Chile cha 1960 chitawononga mathanki otere, George Housner anasonyeza mu 1963 kuti madzi a m'thanki amagawika pawiri: ena amayenda limodzi ndi thanki, ena amagavira paokha, ndipo womanga nsanja ayenera kuwerengera zonse ziwiri. Thanki ya malita 5,000 ndi matani asanu ali m'mwamba pa miyendo inayi. Wowotcherera akasiya zitsulo zopingasa pofuna kupulumutsa ndalama, wasiya mbali yofunika kuposa miyendoyo.

Nyumba zathu zazitali, Kang'ombe House ku Lilongwe kapena Chayamba Building ku Blantyre, n'zazifupi ndi zonenepa moti mphepo siingazivinitse. Zimene zingayambe kufuna zodekhetsa kuno ndi nsanja zowonda za mafoni ndi wailesi. Chimene mphepo imatilanda chaka ndi chaka, mvula yoyamba ikamabwera mu Novembala ndi Disembala, ndi madenga a sukulu, matchalitchi ndi nyumba za anthu, monga malipoti a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA amanenera. Pamenepo palibe kugwedezeka koti n'kudekhetsa. Mphepo yodutsa pamwamba pa malata imawayamwa chokweza, yolowa pakhomo kapena pa zenera losweka imawakankha kuchokera pansi, ndipo malata oyamba kunyamuka ndi a m'makona ndi m'mphepete. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira kuposa la mbali ziwiri. Khonde la malata likatalika kwambiri limapatsa mphepo pogwira. Misomali iyenera kuthithikana m'mphepetemo kuposa pakati, ndipo waya womangira mitanda ayenera kuyambira mizere ingapo ya njerwa pansi pa mutu wa khoma, osati pa mzere womaliza, umene mphepo imatha kuunyamulira limodzi ndi denga.